Nkhondo ya pa Kronus, monga ndinaionera ku Kasungu

Pa tchuthi chachikulu cha mu Ogasiti 2025 ndinapeza mlendo kwathu ku Kasungu. Anali msuweni wanga, mwana wa amalume, amene amaphunzira ku koleji ku Lilongwe. Anabwera ndi kachikwama ka zovala ndi laputopu yakalekale imene batire lake linali litatopa, kotero kuti inkadalira magetsi a sola amene bambo anaika padenga. M'kompyutamo munali masewera a nkhondo otchedwa Dawn of War: Dark Crusade, ndipo ndinawasewera masabata atatu. Anzanga kuno ku seminale akhala akundifunsa za masewerawa. Makolonso ambiri amangoona mwana atatong'ola maso pa galasi, osadziwa chimene chikuchitikapo. Tsono ndati ndifotokoze m'mene amayendera, ndiponso zimene zinandionekera chifukwa cha iwo.

Tiyambire pa bawo, poti tonse timadziwa m'mene amasewerera. Pa bawo anthu amapatsana mpata. Wina akamasewera mnzake amadikira. Agogo anga amatha kukhala duu mphindi zisanu akuwerenga maenje ndi maso okha, ndipo pa nthawi yonseyo palibe angawadyere njere. Masewera amene ndikunenawa alibe ulemu wotero. Nonse mumasewera nthawi imodzi. Iwe ukamaganiza mdani akumanga, ukamakanda m'mutu asilikali ake afika kale pakhomo. Pa Chingerezi amawatcha real-time strategy, kutanthauza masewera a nzeru za nkhondo amene wotchi yake siima. Wosewera sagwira mfuti ayi. Amayang'ana bwalo la nkhondo kuchokera pamwamba ngati kabawi, nkumalamula kuti apa pamangidwe nyumba ya asilikali, gulu ili lipite kumpoto, gulu ilo libwerere msanga lisanathe.

Masewera a mtundu umenewu anayamba kutchuka mu 1992, pamene kampani ya Westwood Studios ya ku America inatulutsa Dune II. M'menemo mafuko atatu amalimbirana dziko la mchenga wokhawokha chifukwa cha chinthu chimodzi chamtengo wapatali chopezeka mumchengamo. Ukakolola chambiri umapeza ndalama zogulira akasinja, ukachedwa kukolola wagonja. Msuweni wanga atandifotokozera ndinaseka, chifukwa mwana wa ku Kasungu safunika kumuphunzitsa za dziko lodalira mbewu imodzi. Mu 1998 kunabwera StarCraft, imene ku South Korea inafika poti achinyamata ankalipidwa chifukwa choisewera, anthu nkumawaonera pa wailesi yakanema ngati mpira.

Dawn of War inatuluka mu 2004. Anaikonza ndi a Relic Entertainment a mu mzinda wa Vancouver ku Canada, koma nthano yake anaibwereka kwa a Games Workshop a ku England, amene chiyambire 1987 amagulitsa tizidole ta asilikali a m'nthanoyo toti munthu apente yekha ndi kumenyanitsa pa tebulo. Nthanoyo imatchedwa Warhammer 40,000. Ndi nkhani yopeka ya m'tsogolo kwambiri, patapita zaka zikwi makumi anayi, pamene anthu afalikira ku maiko a ku nyenyezi ndipo akumenyana ndi zolengedwa zina usana ndi usiku. Poyamba wosewera ankasankha pakati pa magulu anayi: Space Marines, asilikali aanthu ovala zitsulo thupi lonse, Chaos, abale awo amene anapanduka nkudzipereka kwa ziwanda, Eldar, mtundu wakale wochenjera ndi waliwiro, ndi Orks, zimphona zobiriwira zokonda ndewu ngati chakudya.

Nanga Dark Crusade ndi chiyani? Ndi chiwonjezero. Munthu akamanga nyumba banja nkukula, sagumula nyumbayo, amangolumikiza chipinda china pa khoma lomwelo. Makampani a masewera amachitanso chimodzimodzi. Maziko amakhala omwe aja, koma amaonjezapo mabwalo ena, nkhani ina, ndipo chachikulu koposa, magulu ena ankhondo. Mu 2005 chiwonjezero cha Winter Assault chinabweretsa Imperial Guard, asilikali wamba odalira kuchuluka ndi akasinja. Mu Okutobala 2006 Dark Crusade inabweretsa magulu awiri, Tau ndi Necrons, nkukwanitsa asanu ndi awiri. Mu 2008 Soulstorm inaonjeza ena awiri, ndipo mu Ogasiti 2025 a Relic anatulutsanso zonsezi pamodzi atazikonza kuti ziziyenda bwino pa makompyuta a masiku ano. Ife tinali ndi yakale ija.

Musanamve za alendo awiriwa, muyenera kudziwa m'mene magulu akale amapezera chuma, pakuti nkhondo yeniyeni ili pamenepo. Pa bwalo pamakhala malo angapo ofunika. Ukatumiza asilikali kukazika mbendera pa malo otere, ndalama zako zimayamba kukwera pang'onopang'ono, ndipo ukamangapo kansanja zimakwera msanga. Chuma chachiwiri ndi magetsi, ochokera ku majenereta amene umamanga pa msasa wako. Msilikali aliyense, nyumba iliyonse, chida chilichonse chili ndi mtengo wake. Ndalama sizikwana konse. Ukagula asilikali ambiri poyamba, udzasowa zida zamphamvu pambuyo pake. Ukasunga kuti udzagule kasinja, mdani akupeza uli chimanjamanja. Bambo anga amakumana ndi funso lomweli chaka chilichonse ndalama za ku okushoni ya ku Chinkhoma zikalowa: feteleza, mitengo ya chigafa, aganyu, fizi yanga, chiyambe n'chiti? Palinso china chimene ndinachikonda. Asilikali a m'masewerawa ali ndi mtima. Akaopsezedwa kwambiri ndi moto kapena mizinga amataya mtima, mfuti zawo nkumangophonya, ndipo mtsogoleri wanzeru amawabweza kuti akapume.

Tsono funso limene linandizunguza mutu ndi ili. Pa bawo pali maenje 32 ndi njere 64, ndipo aliyense amayamba ndi theka. Palibe angadandaule kuti anamubera poyamba. Koma mu Dark Crusade magulu safanana ngakhale pang'ono. Kodi anthu awiri angapikisane bwanji mwachilungamo wina atanyamula uta, wina chibonga?

Taonani a Tau. M'nthano ndi mtundu wachinyamata, wa khungu lobiriwira ngati thambo, wokhulupirira chimene amachitcha Ubwino wa Onse. Mfuti zawo zimafika kutali kuposa za wina aliyense. Gulu la asilikali awo otchedwa Fire Warriors likaima pabwino limagwetsa adani asanaone n'komwe amene akuwawombera. Koma mdani akangofika pafupi nkutulutsa nkhwangwa, zawo zada. A Tau sadziwa ndewu ya manja. N'chifukwa chake amayenda ndi a Kroot, alenje a milomo ngati ya mbalame, amene amaima kutsogolo kutchinga, ndipo nkhondo ikatha amadya mitembo ya adani kuti awonjeze mphamvu. A Tau samanganso nsanja za mizinga zolondera msasa monga amachitira ena. Ukachoka pakhomo wasiya pakhomo popanda galu. Ndipo pakati pa masewera uyenera kusankha njira imodzi mwa ziwiri: Mont'ka, ya kumenya kamodzi ndi zida zolemera, kapena Kauyon, ya mlenje wodekha. Ukasankha imodzi inayo yatsekeka. Ine ndinkasewera a Tau, ndipo masiku oyamba ndinkagonja kawirikawiri chifukwa ndinkafuna kuti azichita zonse, kuwombera, kumenya, kulondera. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

A Necrons ndiye nkhani ina. Awa ndi mafupa achitsulo a maso owala. Nthano imati kalekale anali ndi matupi ngati ife, koma poopa imfa anasinthanitsa matupi awo ndi zitsulo, mizimu yawo nkutayika pomwepo, ndipo anagona m'manda a pansi pa nthaka zaka 60 miliyoni. Wosewera a Necrons amayamba ndi nyumba imodzi yonga piramidi, yotchedwa Monolith, ili chigonere mu fumbi, ndi tizilombo tachitsulo tonga anankafumbwe tomwe timamanga zonse. Chodabwitsa n'chakuti gulu limeneli silidziwa ndalama. Chuma chawo ndi magetsi okha. Kuitana gulu la asilikali awo wamba sikulira kanthu, koma amachedwa kutuluka, ndipo akatuluka amayenda ngati nkhalamba yopita kudimba. Malo a mbendera amawalandabe, osati chifukwa cha ndalama, koma chifukwa chipilala chilichonse chimene amangapo chimafulumizitsa ntchito zawo zonse ndi kuwalola kukhala ndi asilikali ochulukirapo. Kunena mwachidule, ena amagula ndi ndalama, a Necrons amagula ndi nthawi.

Ndiponso safa bwinobwino. Umawombera msilikali nkugwa, iwe nkutembenukira kwina, iye uja wadzuka. Ena amene sanadzuke okha amatoledwa ndi chikangaude chachitsulo chimene chimawalumikizanso. Mtsogoleri wawo akapeza chida china chake amatha kudzutsa gulu lonse nthawi imodzi. Ukawalekerera mpaka Monolith ija itadzuka yonse, nyumbayo imanyamuka, nkumayandama pang'onopang'ono kulunjika kumsasa kwako ikulavula moto wobiriwira. Tsiku loyamba kuiona ndinaimirira pa mpando.

Apa ndi pamene ndinamvetsa yankho la funso langa lija. Chilungamo cha masewerawa sichili pa kufanana kwa zida. Chili pakuti gulu lililonse analipatsa mphatso imodzi yaikulu ndi chilema chimodzi chachikulu, ndipo chilemacho chili ndi nthawi yake. A Necrons ndi ofooka m'mphindi zoyamba, pamene ali ochepa ndi ochedwa. Ukawathamangira nthawi imeneyo nkuphwanya majenereta awo, wawathyola msana, poti alibe chuma china. Ukawapatsa theka la ola udzalira. A Tau ndi oopsa pa chigwa choyera ngati minda ya kwathu fodya atazulidwa, koma pa malo opanikizika, pamene mdani angatulukire pa mphuno pako, ndi anapiye. Tsono wopambana si amene ali ndi gulu lamphamvu, koma amene wakakamiza mnzake kumenyera pa malo ndi pa nthawi yomuipira.

Kulinganiza zimenezi si ntchito yamasewera, ngakhale ili ya masewera. Magulu akakhala anayi, okonza ayenera kuyesa mapikisano asanu ndi limodzi a gulu ili ndi gulu ilo. Akakhala asanu ndi awiri mapikisanowo amafika 21. Ndinawerengera ndekha kuseri kwa kope la masamu. Ndipo sanakhoze zonse poyamba. Dark Crusade itangotuluka osewera ambiri anadandaula kuti a Necrons ndi amphamvu mopitirira muyeso, ndipo kampani inatulutsa zokonza pambuyo pake, kuchepetsa apa, kuonjeza apo. Ineyo ndimaonabe kuti anawakondera, koma mwina ndi chifukwa anandikwapula kambirimbiri.

Chinanso n'chakuti gulu latsopano limasintha ngakhale magulu akale amene sanakhudzidwe. Munthu amene anazolowera kusewera a Orks mu 2004 anali ndi nzeru zake zokhazikika: sonkhanitsa chikhamu, thamangira mdani. A Tau atabwera, chikhamu chija chinayamba kuthera panjira chisanafike. Anayenera kuphunziranso gulu lake lomwe. Kwathu zinachitikapo zotere pamene bambo anayamba kulima soya pambali pa fodya. Fodya anali yemwe uja, koma kagawidwe ka munda, ka aganyu ndi ka masiku kanasinthiratu.

Dark Crusade inabweretsanso kaseweredwe kena. M'malo motsata nkhani imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, umapatsidwa mapu a dziko lotchedwa Kronus, logawidwa zigawo 25 ngati maboma. Magulu onse asanu ndi awiri ali ndi malikulu awo pamenepo. Pa mapupa mumapatsana mpata ngati pa bawo: umasuntha mtsogoleri wako, nkusankha chigawo choti uukire, kenaka nkhondo ya wotchi yosaima ija imayamba. Chigawo china chimakupatsa asilikali apadera oyenda ndi mtsogoleri, china chimakupatsa mwayi wina, ndipo nyumba zimene wamanga pa chigawo umadzazipeza pomwepo adani akabwera kudzachilanda. Gulu limatheratu pokhapokha likulu lake litagwa.

Abambo ansembe ndi makolo, pali zina zimene sindingabise. Masewerawa ndi amagazi. Ku America anawaika m'gulu la oyenera anthu a zaka 17 kupita m'tsogolo, ku Ulaya zaka 16. Ine ndili ndi zaka 16, ndiye kuti ku Ulaya ndaloledwa, ku America ayi. Mng'ono wanga wa Sitandade 4 tinkamuthamangitsa, ngakhale ankasuzumira pa zenera. Chachiwiri, muli zambiri zobwerekedwa ku Mpingo. A Space Marines amatchana abale, likulu lawo limatchedwa nyumba ya amonke, ndipo ali ndi wansembe wawo wonyamula chibonga. A Imperial Guard nawonso ali ndi ansembe othamangira kutsogolo ndi chimpeni cha mano ngati sowo. Onsewa amalemekeza Mfumu imene yakhala pa mpando wagolide zaka 10,000, yosafa koma yosakhalanso ndi moyo. Dzina lomwe la Crusade likukumbutsa nkhondo zimene Papa Urban II anaitanitsa ku Clermont mu 1095. Poyamba zinandinyansa, ndinaona ngati akutinyoza. Koma nditasewera ndinaona kuti nthanoyo siikuyamikira anthu amenewa. Pa Kronus, a Space Marines a Davian Thule ndi a Imperial Guard a Lukas Alexander amatumikira Mfumu imodzi, komabe amaphana chifukwa aliyense akuti lamulo lake ndiye lochokera kumwamba. Mu 2021 a Games Workshop ananena poyera kuti ufumu wa m'nthano yawo si chitsanzo choti munthu atsate, koma chithunzi cha kumene chidani chimafikitsa anthu. Kaya mnyamata aliyense wosewera amaziona motero, ndikukayika. Ambiri amangoona kuti chibonga cha wansembe chikugwira ntchito.

Msuweni wanga, pofuna kundiseka, anandikumbutsa za Carlo Acutis, mnyamata wa ku Italy amene anamwalira mu Okutobala 2006, mwezi womwewo Dark Crusade inatuluka, ndipo anadzalengezedwa kukhala woyera pa 7 Sepitembala 2025. Ankakonda masewera a pa kanema, koma akuti anadziikira ola limodzi pa sabata. Ndinayankha kuti ola limodzi silikwana ngakhale kudzutsa Monolith.

Ntchito yanga pa tchuthicho inali nazale. Bambo anafesa mabedi anayi a fodya wa bale kudambo, ndipo ine ndinali wothirira, m'mawa ndi masana. Amene simunalimepo fodya dziwani kuti njere zake ndi zazing'ono ngati fumbi. Timazisungunula m'madzi mu kheni nkuthira pa bedi, kenaka nkuphimba ndi udzu. Sizilowa pansi, zimakhala pamwamba penipeni pa dothi. Zikayamba kumera, dothi la pamwambalo likangouma, kamuzu kamafa ndipo sikadzukanso. Vuto linali lakuti sola imapereka magetsi okwanira dzuwa likakwera, ndiye kuti nthawi ya kompyuta ndi nthawi yothirira masana zinali nthawi imodzi.

Sabata yachitatu kunagwa maliro ku Santhe. Bambo, mayi ndi msuweni wanga anapita nkukagona komweko, laputopu nkutsala. Pa mapu anga a Kronus panali patatsala malikulu awiri, ndipo ndinaganiza zoukira la a Necrons, pa chigawo cha Thur'Abis. Nkhondo imeneyo imachitikira m'mapanga a pansi pa nthaka, ndipo uyenera kulowetsa bomba mpaka pakati pa manda awo. Kwa a Tau ndi malo oipitsitsa, njira zopapatiza, adani akudzuka kumbuyo kwako. Ndinathirira m'mawa, nkukhala pansi cha m'ma 10 koloko. Ndinagonja, nkuyambanso. Ndinagonjanso. Pamene kompyuta inazima dzuwa linali litapendeka, ndipo ndinadziuza kuti dothi la kudambo limasunga chinyezi. M'mawa mwake ndinathirira mothamanga kusanayere bwino, osaona kuti kamvuluvulu wa dzulo lake anali atasesa udzu pa theka la bedi lakumapeto. Masana ndinabwereranso ku Thur'Abis.

Bambo atafika madzulo sanalowe n'komwe m'nyumba. Anatsika kudambo, ine ndikutsatira pambuyo. Anagwada pa bedi lija, nakanda dothi ndi chala.

"Iwe, bedi ili lamwa liti madzi?"

"M'mawa, bambo."

"Nanga dzulo masana?"

Sindinayankhe. Anatola udzu umene unamwazika nkuyamba kuubwezera okha, ine nkugwada kuwathandiza. Tinadikira masiku asanu. Mabedi atatu anabiriwira, lachinayi linamera mbali imodzi, mbali inayo mbee ngati chipande. Ndipo bambo anati, "Mawa utenge njinga ukagule mbewu ina. Ndalama yake ndichotsa pa ya sopo wako wa kusukulu." Msuweni wanga anati, "Pepani atsibweni, cholakwa ndi changa, ndinasiya makina aja." Bambo anangoti, "Makina sathirira fodya, ndipo sindinawatume."

Tinafesanso theka lija kutatsala masiku ochepa kuti sukulu itsegulidwe. Teremu yoyamba yonse ndinachapa ndi sopo wobwereka, ndipo anzanga a m'chipinda chathu tsopano adziwa chifukwa chake. Pa tchuthi cha Khirisimasi ndinapeza fodya atawokeredwa kale. Mizere ya kumapeto kwa munda, ya mbande zochedwa zija, inali yofupikirapo kuposa inzake, ndipo munthu ankatha kuiloza ali pa msewu. Msuweni wanga sanabwere ulendo umenewo. Anangotumiza uthenga pa foni ya mayi kuti masewera anga anawasunga m'mene ndinawasiyira, a Tau akadali pakhomo pa mapanga a Thur'Abis ndi bomba lawo.